Tsitsi Limene Ndinapeza M'buku la Amuna Anga

1

Anthu akandifunsa za chipsera chili padzanja langa lamanjali, ndimawauza kuti ndinapsa ndi uvuni. Ndi bodza. Bodza limeneli ndalinena kwa dokotala, ndalinena ku tchalitchi, ndalilemba m'makalata opita kumudzi, ndipo lero ndatopa nalo.

Dzina langa ndine Edness. Kwathu ndi ku Dedza, m'tsinde mwa phiri la Mphunzi. Tinabwera ku Amereka mu 1974, amuna anga, a Gresham, atapeza ntchito ku banki ina yaikulu ku Washington. Tinapeza nyumba ku Annandale, ife awiri ndi mwana wathu mmodzi yekhayo, Lizzie.

A Gresham sankamwa, sankasuta, ndipo dzanja sanandikwezerepo. Azimayi anzanga ankati ndinatola mwayi. Koma mwamuna wopanda chilema kulibe, ndipo chilema cha anga chinali mabuku. Osati mabuku amene munthu wanzeru angagule, ayi. Iwo ankasaka magazini a Chikhristu amene mabanja a ku Ulaya ankawerenga Lamulungu masana zaka zana zapitazo, nthawi ya Mfumukazi Vikitoriya. Eni ake ankati chaka chikatha, n'kuwasokera pamodzi magaziniwo kukhala chibuku chimodzi cholemera ngati njerwa ziwiri. M'katimo munali maulaliki, nyimbo, nthano za ana amasiye, makalata a amishoni, ndi zithunzi zojambula pamanja.

Loweruka lililonse a Gresham ankaliza galimoto m'mawa kupita kumene akugulitsa katundu wa anthu omwalira, kaya ku Fairfax, kaya kutsidya ku Maryland. Pobwera ankanyamula zimabuku zonunkha chuku, zodyedwa ndi njenjete, n'kutsika nazo m'chipinda chapansi chimene kuno amati besimenti. Asanazikhudze ankasamba m'manja ndi sopo, ulemu umene chakudya changa sichinkaulandira masiku onse.

Zinthu ziwiri zinkandidabwitsa. Ankagula a zaka za pakati pa 1878 ndi 1890 basi. Ena, ngakhale okongola bwanji, ankawasiya. Chachiwiri, sankawawerenga. Ankangovundukula tsamba ndi tsamba, maso ali yuu, mpaka kumapeto, n'kuusa moyo, n'kuliika buku pashelefu osalitsegulanso.

"Kodi bambo a Lizzie, mukufunamo chiyani m'menemo?" ndinkawafunsa.

"Ndimangokonda zithunzi, mayi," ankatero, akuseka kuseka kwa mano okha.

Munthu wokonda zithunzi sausa moyo choncho. Ndinayamba kuwayang'ana ndi diso la nkhwezule.

2

Kuti mundimvetse, ndiyenera kukuuzani za pakamwa panga. Ine ndinakulira m'banja lodzimva. Kwathu tinkanyadira agogo a agogo athu, munthu amene anali ndi mfuti zisanu ndi mipukutu ya nsalu pamene anzake ankavala nyanda. Nkhani yawo inkanenedwa pa ukwati ndi pa maliro pomwe, ndipo palibe mwana amene anafunsapo kuti nsaluzo ankazipeza bwanji.

A Gresham kwawo kunalibe zoterezi. Analeredwa ndi agogo awo aakazi pa mishoni ina kufupi ndi Blantyre, ndipo agogowo anamwalira ine ndisanawadziwe. Ndikafunsa za mfunda wawo ankangoti, "Ife ndife a pa mishoni," nkhani n'kuthera pomwepo. Abale anga anawalandira chifukwa cha digiri ndi suti.

Mu 1976 ndinalandira kalata yakuti mng'ono wanga Priscilla akufuna kukwatiwa ndi mphunzitsi wina, dzina lake Fryson. Achimwene anga analemba kuti afufuza, ndipo apeza kuti makolo a mnyamatayo anali anthu ochita kugulidwa. Ndinaiwerengera patebulo tikudya.

"Priscilla wapenga eti?" ndinatero. "Kwathu sitisakaniza magazi ndi mbewu ya akapolo. Kapolo ndi kapolo, ngakhale avale tayi."

A Gresham anaika foloko pansi mwakachetechete.

"Mnyamatayo walakwa chiyani, mayi a Lizzie?"

"Sanalakwe. Koma magazi sanama. Ndilemba lero lomwe kuti ukwatiwo usachitike."

Ndinalembadi, ndipo ukwati sunachitike. Tsiku limenelo a Gresham sanamalize kudya. Sabata yotsatira anagula loko n'kuika pachitseko cha besimenti, akuti poopa kuti mwana angang'ambe mabuku. Lizzie anali mwana wosagwiragwira zinthu, ndipo ine ndinadziwa kuti loko ameneyo anali wa ine.

3

Foni inalira mu Epulo 1983, Lachitatu masana. Anali mawu a mkazi wachizungu, ofewa, oseka m'kati.

"Kodi Gresham alipo?"

Gresham! Wopanda ngakhale bambo kutsogolo, ngati akuitana mwana wake.

"Ali ku ntchito. Ndinu ndani?"

"Marjorie, wa ku Gaithersburg. Mungomuuza kuti chimene wakhala akuchilakalaka zaka zonsezi ndili nacho kuno. Abwere Loweruka, ndidzakhala ndekha."

Ndinaika foni pansi. Madzulo nditawauza, a Gresham anakhala pampando. Kenako anatenga foni, n'kukoka chingwe chake mpaka m'khonde, n'kutseka chitseko. Ndinaika khutu pakhoma, sindibisa. Ndinangomva akuti, "Mukunena zoona? Mwamuona nkhope? Ayi, kunyumba kuno sakudziwa. Ndidzawauza nthawi yake ikakwana."

"Marjorie ameneyu ndani?" ndinawafunsa atatuluka.

"Ndi mayi wogulitsa mabuku akale."

"Wogulitsa mabuku amadziwa bwanji zimene mwamuna wa mwini amalakalaka?"

"Mayi a Lizzie, ndipatseni masabata awiri okha. Ndidzakuuzani zonse."

Masabata awiri! Mawu amenewo anandibaya kuposa kukana. Munthu wosalakwa sapempha masabata.

Loweruka anavala shati yoyera ngati akupita ku mgonero. Ndinati ndipite nawo, anakana. Lizzie anati apite nawo, anamukananso. Anabwera dzuwa litapendeka, maso ali psuu, atakumbatira chinthu chokutidwa ndi nsalu yoyera ya bedi yomwe sinali ya m'nyumba mwanga. Sanatipatse moni. Anatsika m'besimenti, ndipo chifukwa cha changu anaiwala kutseka.

Ndinavula nsapato n'kutsika masitepe atatu. Amuna anga, bambo wa zaka makumi anayi ndi zitatu, amene sanalire ngakhale pa maliro a mnzawo wapamtima, anali atagwada pa simenti. Buku linali lotsegula pampando. Anaika chala patsamba mofatsa ngati akusisita tsaya la munthu, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndakupezani," ankatero. "Ndakupezani."

Ndinabwerera m'mwamba mtima ukuwira. Zaka khumi ndi zinayi za banja, ine sanandilirepo choncho.

4

Lolemba atapita ku ntchito ndi Lizzie ku sukulu, ndinasaka kiyi mpaka ndinamupeza m'thumba la jekete yawo ya m'nyengo yozizira. Bukulo linali patebulo, likadali m'nsalu yake. Linali lachikuto chobiriwira, chothimbirira, ndipo pamsana pake panalembedwa 1884. Masamba ambiri anali omatirirana chifukwa cha madzi amene analowamo kalekale.

Nditangolitsegula koyambirira, munagwa kapepala kopinda. Ndinakafunyulula. M'katimo munali tsitsi. Tsitsi la mzungu, lofiirira ngati ndevu za chimanga, lopotedwa bwinobwino, lomangidwa ndi ulusi wofiira. Pambali pake panali kaduwa kouma.

Ine ndine Mkhristu, ndinaimba kwaya kuyambira ndili mtsikana, koma ndinakulira ku Dedza, ndipo ndikudziwa tanthauzo la tsitsi la mkazi lomangidwa ndi ulusi wofiira m'katundu wa mwamuna. Sindinavundukulenso tsamba lina. Ndinathamangira pa foni kuitana Mayi Chabala.

Mayi Christina Chabala anali a ku Zambia, mnzanga wa m'gulu lathu la mapemphero, mayi wolimba mtima amene ankati ziwanda zimamudziwa dzina. Anafika mphindi makumi awiri zisanathe, Baibulo lili kukhwapa. Atangoona tsitsilo anabwerera m'mbuyo.

"Mayo ine! Amake Lizzie, mwagwira na manja? Aya ni mankhwala, mwandi. Bazungu nabo baziba, osanamiwa na vipewa vao."

"Ndiye nditani, amayi?"

"Manje mufunsa chani? Mwamuna wanu agwada, alira, akamba na buku. Bamumanga uyo. Mukachedwa, nyumba yayenda. Shokani chabe, tenthani vonse, na buku yamene."

"Ndisadikire kuti ndiwafunse?"

"Munthu womangiwa angakuyankheni chani? Azakana. Bweretsani machisa."

Ndisawanamizire Mayi Chabala. Iwo ananena, koma mtima wanga unali utalitentha kale bukulo Loweruka lija pa masitepe. Ndinkafuna a Gresham amve kupweteka kumene ndinkamva ine.

Tinatulutsa mbaula yootchera nyama kuseri kwa nyumba. Mayi Chabala anatola tsitsi ndi chopanira, ine ndinaika buku pa makala n'kulithira mafuta oyatsira. Dzuwa linali paliwombo, anthu oyandikana nafe ali ku ntchito. Tinayamba nyimbo yothamangitsa Satana, ndipo ndinakhwatcha machesi ndi dzanja langa.

Pepala la zaka zana silichedwa. Chikuto chinapindika, masamba n'kuyamba kudzivundukula okha ndi kutentha. Ndiye pakati pa utsi ndinaona nkhope.

Anali kamtsikana kakuda, kovala diresi lalitali la amishoni, kataima pafupi ndi mtengo. Chipumi chotambalala, khutu lamanzere lotulukira pang'ono, mlomo wam'munsi wolumidwa ngati kakuletsa kulira. Ndinkaiona nkhope imeneyo m'mawa uliwonse ndikamaluka tsitsi. Anali Lizzie wanga. Ndipo pansi pa chithunzicho panalembedwa dzina lomwelo.

Ndinakuwa. Ndinapisa dzanja m'moto, osaganiza, n'kugwira chimene ndinagwira. Nkhope ija inada ndikuiona, n'kusanduka phulusa. Mayi Chabala anandithira madzi a m'paipi, akufuula kuti chiwanda chandikoka. Atandimanga nsalu padzanja anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya nyemba pa moto kwawo, ndipo sindinawaonenso mpaka Lamulungu.

5

Lizzie anafika koyamba. Ananunkhiza mpweya n'kufunsa m'Chingerezi, monga ankachitira nthawi zonse, kuti chapsa n'chiyani. Ndinati uvuni. Ndi pamene bodza lija linabadwira.

A Gresham anafika cha m'ma sikisi. Anaona chitseko cha besimenti chili pululu, anaona dzanja langa, kenako anatuluka kuseri. Ndinawatsatira. Anaima pa mbaula nthawi yaitali, chikwama cha ku ntchito chikadali m'manja.

"Munali tsitsi m'menemo," ndinayamba, ndikulimbabe. "Tsitsi la chibwenzi chanu. Munkaganiza kuti sindidziwa?"

Sanandiyang'ane.

"Marjorie ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi," anatero. "Amayenda ndi ndodo. Tsitsi lake ndi loyera ngati thonje."

"Nanga mwana ali pachithunzi uja ndani? Bwanji akufanana ndi mwana wanga?"

Anakhala pa udzu, suti ili m'thupi.

"Ndi agogo anga, amene anandilera. Lizzie ndi dzina limene amishoni anawapatsa powabatiza. Anawalanditsa kwa amalonda a anthu ali kamwana, goli lili m'khosi. Anali kapolo, mayi a Lizzie. Mbewu ya akapolo ija ndine, ndipo tayi ndavala."

Ndinafuna nthaka ing'ambike.

Anapitiriza mwapang'onopang'ono, ngati akuuza mlendo. Agogowo anakula osadziwa kwawo, osadziwa mtundu wawo, ngakhale dzina limene amayi awo anawapatsa linawathawa. Chimene ankakumbukira n'chakuti atangofika pa mishoni, dona wina anawaimika pansi pa mtengo n'kuwajambula ndi pensulo, n'kulemba zonse zimene kamwanako kananena kudzera mwa womasulira. Donayo anati zipita kwawo kukalowa m'magazini, kuti ana a kumeneko aziwapempherera. Agogowo ali pafupi kumwalira anagwira mdzukulu wawo dzanja n'kumuuza kuti, "Iwe wa sukulu, ukadzalipeza buku limenelo, udzabwere pamanda panga udzanditchule dzina langa."

"Sankadziwa dzina la magaziniyo kapena chaka," anatero a Gresham. "Ndiye ndinkangogula onse a zaka zimenezo. Mabuku mazana atatu ndavundukula, tsamba ndi tsamba."

"Bwanji osandiuza?"

Apa ndi pamene anandiyang'ana.

"Ndinkafuna kukuuzani chaka chimene tinafika kuno, koma ndinkazengereza. Kenako kunabwera kalata ya Priscilla."

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga ndinaupeza pa udzu wa ku Annandale patapita zaka zisanu ndi ziwiri.

"Koma dzinalo munaliwerenga," ndinatero, ndikugwira pa kaudzu komaliza. "Munali nalo bukulo masiku awiri."

Anapukusa mutu. Chithunzi chinali patsamba lotseguka, koma nkhani yake inali pamasamba awiri otsatira, ndipo amenewo anali omatirirana. Marjorie anawachenjeza kuti akawakoka ndi manja, zilembo zidzanyotsoka. Panali mmisiri wosoka mabuku amene ankadziwa kuwalekanitsa ndi chinyezi, pang'onopang'ono, ndipo anapangana naye Loweruka likubweralo. Masabata awiri aja anali amenewo. Ankafuna adzatikhazike pansi, ine ndi mwana, dzina lili m'manja.

"Zaka khumi ndinadikira," anatero. "Ndinati masiku asanu ndi awiri sangandiphe."

Anayang'ananso m'phulusa muja.

"Palibe chimene chatsala?"

Dzanja langa lopsa linali pachifuwa.

"Palibe," ndinayankha.

6

A Gresham sanandimenye, sanandithamangitse, sanaitane ankhoswa. Bola akanatero. Anangokhala munthu waulemu kwambiri, wonena zikomo pa kapu iliyonse ya tiyi, ngati mlendo wogona pa hotela. Loko uja anamuchotsa, poti panalibenso chobisa. Lizzie anamuuza okha za agogo awo aja ndi za bukulo, ndipo mwanayo anatha mwezi osandiyang'ana m'maso.

Loweruka lina ndinapita ndekha ku Gaithersburg. Amene anatsegula chitseko anali kamayi kokalamba, kowerama, kovala magalasi okhuthala, m'nyumba modzaza mabuku mpaka kudenga. Nditadzitchula, kanandigwira dzanja lopsalo mosamala kuposa mmene ndinkayenera.

"Tsitsi lija?" anatero Marjorie nditamufotokozera. "Mwana wanga, m'mabuku amenewa ndimapezamo tsitsi kawirikawiri. Anthu a nthawi imeneyo mwana akamwalira ankameta katsitsi kake n'kukasunga m'buku la mapemphero. Lija linali la kamwana ka zaka zitatu, Emily. Dzina ndi chaka zinalembedwa kuseri kwa kapepalako. Simunatembenuze?"

Sindinatembenuze. Tinathamangitsa Satana ndi tsitsi la kamwana ka eni kamene kanagona m'manda zaka zana zapitazo.

Ndinafunsa ngati buku lina lotero lingapezeke. Marjorie anati magaziniyo inali ya kampingo kakang'ono ka ku Scotland, inatuluka zaka zinayi zokha, ndipo pa zaka makumi anayi za ntchito yake anaonapo la 1884 limodzi lokha. Tinalemba makalata ku malaibulale a kuno ndi a ku Ulaya. Ena anayankha kuti ali ndi la 1883, ena la 1885, ena sanaimvepo n'komwe.

Kuyambira pamenepo wosaka mabuku ndinakhala ine. Ndinaphunzira kudzuka m'mamawa kukaima pamzere pakhomo pa nyumba ya womwalira, kugwada m'magalaja a anthu, kuzindikira nsalu yobiriwira ya chikuto ndili patali, kununkhiza buku kuti ndidziwe ngati linanyowapo. Ine amene ndinkati zimabuku zimenezi zikundibweretsera mphemvu, ndinayamba kusamba m'manja ndisanazikhudze. Anthu a ku tchalitchi ankati, "Taonani chikondi, mayi a Lizzie atengera amuna awo." A Gresham ankandiperekeza nthawi zina, n'kukhala m'galimoto.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinasaka choncho. Mukhoza kunena kuti ndinalapa. Koma pali chimene sindinakuuzeni, ndipo ndi chimene chandilembetsa nkhaniyi.

7

Tsiku lija nditapisa dzanja m'moto, sindinatuluke chimanjamanja. Ndinatuluka ndi kachidutswa ka pepala kosakwana chikhatho, kopserera m'mbali monse. Kutentha kunachita zimene mmisiri uja akanachita: masamba omatirirana aja analekana. Mayi Chabala atathawa, ndinakawerenga ndili ndekha m'bafa. Panali mizere inayi ya Chingerezi, ndipo ndikhoza kuinena ndili m'tulo:

"...akuti kwawo ndi pansi pa phiri lotchedwa Mpunzi, ndipo munthu wachuma wa pamudzipo, mwini mfuti, anamupereka kwa amalonda posinthana ndi nsalu ndi wonga. Amake, amene anathamangira gululo mpaka pamtsinje, ankamuitana kuti..."

Pamenepo moto unadya.

Pansi pa phiri la Mphunzi, m'zaka zimenezo, munthu wa mfuti ndi nsalu anali mmodzi. Ndinakula ndikuimba dzina lake. Umboni woti n'kupita nawo ku khoti ndilibe, koma mtima wanga sunafune umboni. Nsalu zimene tinkanyadira pa maukwati zija, ina mwa izo inali mtengo wa agogo a amuna anga.

Ndiye pamene a Gresham anandifunsa ngati pali chimene chatsala, kapepalako kanali m'kamisolo, pansi pa dzanja langa, ndipo ndinati palibe. Ndinaopa. Ndinati munthu angakhululukire mkazi amene watentha buku chifukwa cha nsanje, koma angagone bwanji nyumba imodzi ndi mdzukulu wa amene anagulitsa agogo ake? Ndinakabisa m'buku langa la nyimbo, ndipo Lamulungu lililonse ndinkaimba nako m'manja. Ngakhale pamene ndinkasaka buku lija ndi mtima wonse, theka la mtima womwewo linkapemphera kuti lisapezeke.

Mwezi wa Meyi chaka chino cha 1989, Marjorie anamwalira. Tikuchokera ku maliro ake, a Gresham anaimika galimoto pakhomo koma sanatsike.

"Tisiye kusaka, mayi a Lizzie," anatero. "Mwavutika mokwanira. Dzinalo ndalileka. Chimene chimandipweteka n'chakuti sindidziwa ngakhale koyang'ana. Munthu akafuna kukumbukira kwawo amatembenukira kumpoto kapena kummwera. Ine ndimangoyang'ana pansi."

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga buku la nyimbo, ndinabwerera m'galimoto. Ndinaika kapepalako pabondo pawo.

Anavala magalasi. Anawerenga kamodzi, kawiri, milomo ikugwedera. Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa kuposa onse.

"Mwakhala nako kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku lomwe lija."

"Zaka zisanu ndi chimodzi."

"Eya."

Anatsika n'kuyamba kuyenda wapansi mumsewu wathu, osatembenuka. Ndinakhala m'galimotomo maola awiri, ndikudziwa kuti banja langa latha ndipo ndalithetsa ndekha kachiwiri. Atabwera anatsegula chitseko cha mbali yanga.

"Buku lija ndinakukhululukirani kalekale," anatero. "Za agogo anu si mlandu wanu, simunalipo. Koma zaka zisanu ndi chimodzi izi ndi zanu, ndipo sindikudziwa ngati ndidzatha kuzimeza. Ndisakunamizeni."

"Ndichite chiyani, bambo a Lizzie?"

"Mu Ogasiti tikupita kumudzi, ndi mwana yemwe. Mukandionetse phirilo ndi mtsinjewo. Ndikatapa dothi la kumeneko ndikathire pamanda a agogo, poti dzina ndalephera. Koma sindikalowa m'mudzi mwanu ngati mkamwini wa digiri. Mukasonkhanitse abale anu onse, Priscilla akhale kutsogolo, ndipo mukawauze ndi pakamwa panu pomwepo kuti munakwatiwa ndi yani."

8

Matikiti tagula. Priscilla ndamulembera kale, ndipo sanayankhe. Ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, sanakwatiwe, ndipo Fryson ali ndi ana anayi ndi mkazi wina. Achimwene anga sakudziwa chimene ndikuwaitanira. Akuganiza kuti ndikubwera ndi mawotchi.

Inu owerenga, makamaka azimayi anzanga, sindikuuzani kuti musamakayikire amuna anu, poti ena ngokayikitsadi. Koma mwamuna akaika loko pachitseko m'nyumba mwanu momwe, musanasake kiyi, yambani mwakumbukira zimene munanena patebulo sabata imeneyo. Ine ndinasaka mkazi wachizungu, ndinasaka mankhwala, ndinasaka Satana amene, pamene chimene amuna anga ankachiopa chinkagona nawo bedi limodzi. Ndipo inu amene kwanu mumanyadira mfuti ndi nsalu za makolo, tsiku lina mudzafunseko kuti anasinthanitsa ndi chiyani.

Ndili ndi pempho limodzi. Mwina m'kabati ya tchalitchi chanu chakale, kapena m'bokosi la agogo amene anagwirapo ntchito kwa amishoni, muli chibuku chobiriwira cholembedwa 1884 pamsana. Mukapezamo kamtsikana kataima pafupi ndi mtengo, kakuluma mlomo, masamba otsatirawo musawakoke ngati amatirirana. Mundilembere kudzera kwa akonzi a magazini ino. Pali mayi wina amene anathamanga mpaka pamtsinje akufuula dzina la mwana wake, ndipo dzinalo linadikira zaka zana m'buku, linawoloka nyanja, linafika mpaka m'nyumba mwanga, n'kutsala masiku asanu kuti limveke. Machesi ndinakhwatcha ndine.